Bambo Ako Ali Pati pa Mapu?

Tandiyankhani, inu mwagwira pepalali. N'chiyani ichi: nyanja ilimo koma chala sichinyowa, mapiri alimo koma nyerere imawadutsa osapuma, mudzi wonse ulimo koma tambala salira? Mwakanika? Musandilipire mudzi, midzi yandikwana. Ndi mapu amenewo. Ine Belita NyaLongwe sukulu ndinangoinunkhiza pakhomo, koma mapu ndimawadziwa ngati mmene munthu amadziwira galu amene anamuluma.

Linali Loweruka m'mawa, chaka chija kampani yodzala bulugamu inafika kwathu kuno, pakati pa Chintheche ndi Kande. Ndinali pakhonde pa nyumba yamalata ya Overtoun, mwana wa mlongo wanga malemu Simeon, ndikusenda chinangwa chovuula kudambo. Overtoun, mphunzitsi wa Sitandade 7, anali atayala mapu ake pamphasa, miyala m'makona, akuwonjezera utoto ndi pensulo yofiira. Amayi ake, mlamu wanga Sabina, anatulukira kuseri kwa nyumba ali wefuwefu, n'kuponya chikhomo chamatope pakati penipeni pa pepala.

"Bambo ako ali pati pamenepa?"

"Ama, mundidetsera ntchito! Ichi mwachitenga kuti?"

"Ndachizula kumutu kwa bambo ako. Ku Kanyenga zikhomo zazungulira msitu wonse ngati mano a ng'ona. Ndawafunsa anyamata okhomawo, akuti pepala la aphunzitsi a Longwe likuti kumeneko kulibe kanthu. Ndiye ndabwera kwa mwini pepala. Simeon ali pati?"

Overtoun anasuzumira kumsewu, n'kukankhira chikhomo chija pansi pa mphasa. Masiku amenewo kuzula chikhomo cha boma kunali ngati kuzula ndevu za mkango uli maso.

"Tsitsani mawu, Ama. Mufuna ayufi atimve?"

"Amve! Iwo alibe akufa awo?"

"Komatu munanena ndinu. Mwaiwala? Chaka chatha atabwera Mathews, mnyamata wa ku koleji uja, kudzafufuza za nkhondo ya Angoni, tinayenda naye dera lonse. Iye akufunsa, ine ndikumasulira, tikujambula mitsinje, njira zakale, mabwinja. Titafika pachitunda anafunsa kuti msitu uwo muli chiyani. Inu munayankha m'Chitonga chomveka bwino, munati, 'Kulivi kanthu.' Kulibe kanthu. Iye analemba zomwe anamva."

"Analoza ndi chala! Mlendo, masana dzuwa likuswa mtengo, kuloza manda ndi chala ngati akusankha mbuzi pamsika! Ukanati nditani? Ndinatsitsa dzanja lake n'kuyankha mmene timayankhira ana ndi odutsa, kuti asapiteko. Manda anayamba liti kusonyezedwa kwa munthu wapaulendo? Koma iwe unali pomwepo. Phewa lako ili linanyamula bokosi la bambo ako kukalowa mumsitu umenewo. M'kamwa mwako munali chiyani, usipa?"

"Mapuwa ndi a mbiri, Ama. Mbiri ndi malinga, nkhondo, mafumu. Manda a dzanadzana si mbiri."

Apa ndinalephera kudzigwira. "Mwamva, alamu? Mlongo wanga analakwitsa kufa mochedwa. Akanafulumira n'kubayidwa ndi Angoni, bwenzi lero ali ndi kadontho kakekake."

"Ankhazi, ino si nthawi yoseka." Ankhazi ndi ine, kwathu kuno ndi mmene mwana amaitanira mlongo wa bambo ake.

"Ndilire? Misozi ikagwera m'chinangwamu mudya kondowole wamchere."

Mkazi wa Overtoun, Jennifer, anali chilili pakhomo ndi tsache m'manja. Analankhula motsitsa.

"A bambo a Nellie, auzeni zonse amayi. Pepalalo silinayende lokha kupita kwa bwana wa malo."

"Iwe khala chete."

"Ine ndikhala chete, koma kuchitsime sakukhala chete. Bwanayo atafika kusukulu kufunsa wodziwa dera lino, aphunzitsi anzanu anangoyang'ana nsapato zawo. Inu munathamanga kukatsitsa mapu kukhoma. Munati, 'Bwana, musavutike kuyenda paminga, zonse zili apa, a ku koleji anavomereza.'"

"Ndinathandiza boma! Ndi mlandu? Iye anayang'ana poyera n'kukopera papepala lake. Ndikanadziwa bwanji kuti akufuna poyera pomwepo?"

"Nkhuyu zodya ana zimapota akulu," anatero Sabina. Anakhala pansi, ndipo mawu ake anakhalanso pansi. "Mwana wanga, sindikufuna mlandu. Pensulo uli nayo m'manja. Lemba kamtanda kamodzi poyerapa, upite nako kuboma, ukanene kuti unaiwala. Kamtanda kokha. Agogo ako ali kumeneko, alongo ako awiri ali kumeneko, ndipo pambali pa bambo ako ndinasiya malo anga."

Overtoun anayang'ana pepala, anayang'ana pensulo. Kenaka anachotsa miyala ija umodziumodzi n'kuyamba kukulunga.

"Pali chidindo cha ku koleji apa, Ama. Inu simungamvetse."

Sabata yotsatira ine ndi Sabina tinapita kwa a Killion, tcheyamani wa chipani m'mudzi mwathu. Tinawapeza pansi pa mango akusoka ukonde, chala chachikulu chakuphazi chitagwira chingwe.

"Mwe uli, azimayi? Makhadi muli nawo?"

"Langa ndinalimangirira m'chiuno, Atcheyamani. Mufuna mulionere pomwepo?"

"Inu a Belita mudzafa mukuseka. Khalani pansi."

Sabina anafotokoza zonse. A Killion anamvetsera osatukula mutu. Sanali munthu woipa. Amayi awonso anagona ku Kanyenga komweko.

"Ndikudziwa, NyaMhone," anatero, pomuitana Sabina ndi mfunda wake. "Usiku sindikugona. Koma tamverani. Inu mukapita kuboma kukanena kuti kuli manda, adzati mayi uyu akutsutsa chitukuko. Ndikapita ine, adzati tcheyamani wayamba kuweta zigawenga. Koma akapita mwini pepala n'kunena kuti, 'Bwana, dzanja linaphonya,' adzati akukonza cholakwika. Mawu ndi amodzimodzi, koma ena amakubweza wapansi, ena amakukweza Landirova."

"Nanga bwana wa maloyo sangabwere kudzaona ndi maso ake?"

"Amene ali ndi pepala safuna maso. Pepala silipweteka miyendo. Komatu kumtunda uku ndinamva kuti zikhomo zinasunthidwa, kalaliki wina atavomera kuti anaphonya. Kampani siikonda manda, antchito amathawa. Mwana wanu akangolankhula, msitu upulumuka."

"Mwamuuza?"

"Ndamuuza. Wandiyankha m'Chingerezi."

Tinanyamuka kubwerera kunyumba. Tinadutsa m'munsi mwa Kanyenga, tonse manja kumbuyo monga mwa mwambo, maso pansi. Mbalame zinali zikulira m'mitengo ikuluikulu ija ngati palibe chachitika. Timbendera toyera pazikhomo tinkangoti petupetu.

Ndinaganiza zomutsatira Overtoun kusukulu. Mwana akakana kumva kunyumba, umamupeza pamene amadzitcha munthu.

Ndinaima pazenera la kalasi yake. Mapu anali atapachikidwa pabolodi, ndipo ndisaname, chinali chinthu chokongola. Pepala lalikulu ngati chitseko, lomatidwa pansalu. Nyanja anaipaka buluu wochapira zovala. Mitsinje inkatsika ngati mitsempha ya padzanja. Njira za amalonda akale zinali timadontho, mivi yakuda inkachokera kumapiri kulunjika kunyanja, ndipo pamene kamtsinje kathu kamathirira m'nyanja panali chibwalo chofiira psuu, chachikulu ngati chivundikiro cha mphika, pamwamba pake zilembo zonenepa. Ana anali atatong'ola maso. Amene kale ankagona m'phunziro la mbiri tsopano ankalimbirana kupita kutsogolo kukapeza doko la bambo awo, kukaika chala pamene agogo awo anachokera. Mwanayo anali ndi mphatso, ndipo n'chimene chimandiwawa kufikira lero.

"Angoni anatsikira kuti?" anafuula, ndodo ili pamivi.

"Kumapiri, Sala!"

"Anawabweza ndani palinga ili?"

"Chiwoko Longwe!"

"Ndi chiyani?"

"Ndi nthungo imodzi!"

"Odi kuno, Aphunzitsi!" ndinatero pazenera. "Mwana wochedwa wafika. Ndilowe kapena ndikayambe ndazula chitsa?"

Ana anafa nacho chiseko. Overtoun anatuluka nkhope ili gwa, n'kundikokera kuseri kwa kalasi.

"Ankhazi, mukundichotsa ulemu."

"Ndangodabwa. Chiwoko ameneyu ndi yemwe uja, agogo anga ondibalira bambo? Aja ankakwera pankhokwe bakha wamphongo akawathamangitsa?"

"Munthu akakalamba amasintha."

"Ankatiuza okha kuti tsiku la nkhondo anabisala m'bango, madzi m'khosi, misundu ikuwayamwa. Nthungo anali nayodi, yobayira milamba."

"Mbiri ili ndi njira zake. Ana amafuna ngwazi yoti aziinyadira."

"Chabwino, apatse ngwazi. Amayi ako apatse kamtanda. Wakufa wabodza wamupatsa chivundikiro chonse cha mphika, wakufa weniweni ukumumana ngakhale njere ya therere?"

Anayang'ana uku ndi uku, ndipo ndinaona kuti amene waima patsogolo panga si mphunzitsi wa ndodo uja, koma kamwana kamene ndinkakabereka kakuopa mabingu.

"Ankhazi, mukukumbuka mphunzitsi uja wa tsidya la mtsinje, amene ananena pamsonkhano kuti mabuku a boma ali ndi cholakwika? Anamutenga choko chili m'manja. Ana ake akugulitsa nkhuni. Ine ndikapita kukanena kuti ndinapatsa boma mapu olakwika, adzandifunsa kuti, 'Unafuna kusocheretsa ndani?'"

"A Killion akuti sizitero."

"A Killion amasoka maukonde. Ndiponso tamverani. Ahedimasitala akupuma ntchito chaka chino. Kumapeto a mwezi uno Mathews akubweranso, pamodzi ndi bwana wamkulu wa ku likulu woona za malo a mbiri yakale. Akubwerera mapu anga amenewa. Akawaona n'kuwayamikira, mpando uja ndi wanga, ndipo mawu a hedimasitala amalemera kuboma. Alendo akangotembenuka, kamtandako ndilemba. Ndikulumbira pali Ada, bambo anga."

"Usalumbirire munthu amene wamusiya panja. Zengerezu analinda kwawukwawu, mwana wa mlongo wanga."

"Buludoza sibwera mvula isanathe. Ndafunsa."

Amene anamufunsayo kaya anali ndani. Mvula inadukiza masiku ochepa chabe, nthaka inauma pamwamba, ndipo m'mawa wina tili kumunda tinamva chinthu chikubangula kumtunda ngati ng'ombe khumi zomangidwa pamodzi. Sabina anaponya khasu. Sindinadziwe kuti nkhalamba ingathamange chotero.

Tinapeza mitengo ya m'mphepete mwa Kanyenga itagwa kale, mizu ili m'mwamba. Anthu anali atasonkhana chapatali, amuna zipewa m'manja, akazi manja pamutu, koma palibe amene anasendera. Kumbuyo kwa kapitawo wa kampani kunali ayufi awiri a malaya ofiira, ana a m'mudzi momwemo, maso ali pansi.

Woyendetsa buludoza anali bambo wa ku Mulanje, wa imvi m'mbali. Atagwetsa mkuyu waukulu wa pakhomo pa msitu, anaona mitumbira, anaona mbale ndi makapu amene timasiya pamanda, ndi miphika yoboola pansi. Anazimitsa injini n'kutsika.

"Akapitawo, kunotu kuli anthu."

Kapitawo anatambasula pepala lake pabondo. "Apa akuti thengo."

"Thengo limamwera m'kapu?"

"Ine ndimatsata pepala, achimwene. Wolemba pepala ndi mwana wa mudzi uno, mphunzitsi. Ngati analakwitsa abwere anene yekha, ndiimitsa ntchito pompano, ndilembera akuluakulu. Inenso ndili ndi manda kwathu. Koma popanda iyeyo, dzuwa likafika pamutu ndiyenera kuona mbali iyi ili mbee."

Jennifer anakwinya nsalu n'kuthamangira kusukulu. Ife tinadikira. Sabina analowa mumsitu, n'kukakhala pansi pambali pa mtumbira wa Simeon, pamalo ake aja, miyendo atatambasula. Ankachotsa masamba ouma pamtumbira limodzilimodzi, ngati akuchotsa nsabwe m'mutu mwa mwana.

Jennifer anabwera yekha.

"Akuphunzitsa ana nyimbo yolandirira alendo. Ahedimasitala ali pomwepo. Akuti belu likangolira abwera."

Kapitawo anayang'ana dzuwa. Anadikirabe, ndimupatse ulemu wake, mpaka mthunzi wake unalowa pansi pa mapazi. Kenaka anagwedeza mutu. Bambo wa ku Mulanje uja anapita kwa Sabina, anagwada, n'kuvula chipewa.

"Mayi, mundikhululukire. Ndili ndi ana."

"Ndili naye inenso," anatero Sabina.

Ndinamudzutsa ndine. Sanalimbane nane. Anangowerama n'kutola kapu yachitsulo ya Simeon, yoyera ya mkombero wabuluu, imene ankamwera tiyi kuyambira ali ku Joni. Tinatuluka, injini inalira, ndipo zimene zinachitika pambuyo pake sindilemba. Ndinali nditatembenuka. Ndinangomva mbale zikusweka.

Overtoun anafika panjinga, thukuta lili kamukamu, mapu atakulunga kukhwapa. Anapeza dothi lofiira lokhalokha kuyambira pachitunda mpaka kudambo, nyanja ikuoneka mbee pamene kale sinkaoneka. Anatsika, njinga inagwa yokha.

"Akapitawo, ndabwera! Ndabwera kudzanena!"

"Mudzanene chiyani, aphunzitsi?" anatero kapitawo, akupinda pepala lake. "Tsopano mapu anu akunena zoona."

Sabina sanatukwane, sanalire maliro. Anangosiya kudya pakhomo pa mwana wake. Masiku angapo atapita ndinamupeza akumanga katundu m'nsalu: mphika, bulangete, buku la nyimbo ndi kapu ija. Anati akubwerera kwawo ku Usisya, kumene anachoka ali namwali.

Tinamuperekeza kumsewu kukadikira lole yopita ku Nkhata Bay, kuti akakwere sitima. Overtoun anagwira katundu wake.

"Ama, anthu adzati chiyani? Adzati ndakuthamangitsani."

"Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo. Ine ndine tsamba, za manyazi uona wekha."

"Ndikumangirani chipilala cha Ada. Chasimenti. Pakhomo pompaja."

"Pansi pake padzakhala ndani? Mwana wanga, bambo ako atamwalira abale anga anabwera ndi bwato kudzanditenga. Ndinakana. Ndinati ndili ndi malo anga pambali pa mwamuna wanga, ndidikira pompano. Zaka zonsezi ndimadikira malo amenewo. Tsopano ndidikira chiyani, bulugamu? Ku Usisya kulibe msewu. Buludoza sidziwa kusambira."

"Ama, ndinachedwa pang'ono pokha."

"Eya. Pang'ono pokha."

Lole itafika anandikumbatira. "Alamu, muzimuseka ndithu," anandinong'oneza. "Ine ndalephera kumulera, mwina chiseko chanu chimulera." Anakwera, nakhala pathumba la chinangwa, osacheuka. Uyo ndiye mkazi amene ndinasenda naye chinangwa kuyambira tili ndi mano onse.

Mungaganize kuti mwanayo anawotcha mapu aja. Ayi. Tsiku la alendo anavala jekete ndi tayi, nsapato zikuwala ngati mpasa wongovuulidwa. Anandiuza kuti ntchito ndi ntchito, kulira n'kwa kunyumba. Makolo tonse tinaitanidwa kubwalo la sukulu, chifukwa masiku amenewo mlendo wa boma akabwera sunkatsala kumunda. Tinakhala pansi pa mitengo, akuluakulu pamabenchi, mapu atapachikidwa pabolodi loimika ndi miyala. Ana anaimba nyimbo yawo ija. Inali nyimbo yabwino, ndipo ndinadana nayo.

Mathews, wowonda ngati bango, anayandikira mapu, anavula magalasi, anawapukuta n'kuvalanso.

"Aphunzitsi, chofiirachi chanenepa chaka chino. Paja tinagwirizana kuti malo a linga sitikuwadziwa bwino?"

"Kafukufuku anapitirira inu mutachoka," anatero Overtoun, n'kutenga ndodo yake.

Ndiye analankhula, abale! Angoni anatsika, fumbi linakwera, akazi analira, Chiwoko Longwe anaima yekha pachipata. Ndodo inkavina papepala. Bwana wa ku likulu, bambo wonenepa wa mawu ofatsa, ankangogwedeza mutu, akulemba m'kabuku. Overtoun ataona kugwedezako anatupa ngati chule.

"Ndipo, bwana, magazi sanama. Ine mdzukulu wa Chiwoko sindinachoke pamalopo. Nyumba yanga yamalata, yoyamba m'mudzi muno, ili pakati penipeni pa linga. Pamene pali khonde langa ndi pamene anaima agogo anga. Ndikamamwa tiyi m'mawa ndimaponda mbiri!"

"Pakati penipeni?" anafunsa bwana uja.

"Penipeni, bwana."

Bwana anaimirira n'kutembenukira kwa ife. "Makolo, mwamva nokha. Ndayenda maboma ambiri, koma sindinaone mapu omveka ngati awa. Malo otere boma limawateteza kuti ana a ana athu adzawaone. Tidzayeza molingana ndi mzere wofiirawu, tidzamanga mpanda wa waya, tidzaika chikwangwani cha dzina la Chiwoko Longwe. M'kati mwa mpanda simukhala munthu, simulimidwa, simukumbidwa ngakhale chimbudzi. Zonse zomangidwa m'menemo zichoke, malo abwerere mmene analili."

Tinaomba m'manja, poti bwana akamaliza umaomba. Overtoun anaomba nafe, kawiri, kachitatu manja anaima m'malere. Jennifer anadzuka pakati pa amayi, mwana kumsana.

"Pepani bwana, nyumba yathunso?"

"Makamaka imeneyo, mayi. Ndi ulemu waukulu pabanja lanu. Malata mukhoza kuzula, sitiwafuna."

"Bwana," anatero Overtoun. Mawu anatuluka ang'ono ngati a mwanapiye. "Mwina mzerewu unapitirira pang'ono mbali iyi."

"Ndiye uthere pati?"

Mwana wa mlongo wanga anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa labala. Pamaso pa ahedimasitala, pamaso pa ana ake a sukulu, pamaso pa mudzi wonse, anayamba kufufuta. Dzanja lija, limene linalemera ngati mwala pa kamtanda ka bambo ake, linapepuka ngati nthenga pa malata.

"Uthere apa, bwana."

"Koma mwanena kuti nyumba ili pakati. Mwafufuta m'mphepete."

Anafufuta pakati.

"Tsopano linga lasanduka mandasi, aphunzitsi," anatero bwana, osaseka n'komwe. "Kodi agogo anu ankateteza chiboo?"

Wina kumbuyo anatsamwa. Overtoun anafufuta kumanja, anafufuta kumanzere, thukuta likudonthera panyanja ya buluu mpaka nyanja inayamba kutsetsereka kulowa kumtunda. Pensulo anali ataikanikiza kwambiri, utoto sunkachoka. Ananyowetsa labala ndi malovu n'kukhuta ndi mphamvu. Pepala linati pwee, nsalu yakumbuyo inang'ambika, ndipo zala zake ziwiri zinalowa m'chiboocho.

Bwana anawerama n'kusuzumira. "Aphunzitsi, ndifunse bwinobwino, poti ndikalembe. Linga linali pati?"

"Akulu amati nyanja inadya kalekale, bwana."

"Nanga chofiira chija?"

"Ndinangoti... pakhale pafupi ndi kwathu."

"Ndiye m'mawa mukamamwa tiyi mumaponda chiyani?"

A Killion, tcheyamani wathunthu, amene ntchito yawo inali kutiletsa phokoso, ndiwo anayankha ali pabenchi. "Zitosi za nkhuku, bwana. Ndimadutsapo tsiku lililonse."

Bwalo linaphulika. Ana anagubuduka m'fumbi. Amayi anayamba nthungululu ngati kwabadwa mwana. Ahedimasitala anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka, ndipo Mathews anavulanso magalasi, nthawi ino kuti apukute misozi. Overtoun anaima pomwepo, tayi itakhota, zala zili m'chiboo cha mapu, nyenyeswa zofiira zili mbwee pansapato zowala zija, akuyesa kumwetulira ngati nthabwalayo wayambitsa ndi iye.

Ndinaseka nawo, ndisaname, mpaka nthiti zinandiwawa. Kuseri kwa sukulu, pachitunda pamene panali Kanyenga, anyamata a kampani anali akudzala bulugamu m'mizere, ndipo ena anaweramuka, mbande m'manja, kufuna kudziwa chimene tikuseka.